Mphindi Makumi Awiri za Dzuwa

Foni inalira ketulo isanawire. Nambala ya kumudzi. Priscilla anayankha akuyembekezera moni wautali uja, wofunsa ana, matenda ndi nyengo. Moni sunabwere.

"Achemwali, ndine Lameck, mchimwene wake wa Lilian. Muli panokha?"

"Ndili ndekha."

"Grace watisiya."

Priscilla anafufuza mpando ndi dzanja, n'kukhala. Grace. Mwana mmodzi yekhayo wa Lilian. Mayi wake anamusiya ku Balaka ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, n'kubwera ku Canada kudzasamalira okalamba a eni. Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa. Mapepala sanalongosoke, ulendo wa kumudzi sunatheke. Mayi ndi mwana ankaonana pagalasi la foni basi.

Lameck anafotokoza mwachidule. Njinga yamoto ya kabaza. Lole ya simenti. Dzulo madzulo.

"Nkhope ili bwinobwino, koma thupi silingadikire. Kutentha kwa Okutobala mukukudziwa. Tiika lero lomwe. Kuona nkhope ndi folo koloko kuno. Ndabwereka foni ya aphunzitsi, yogwira vidiyo. Ndiimba pa nambala yanuyi. Chonde, mukhale mutamuuza kale, mutamugwirira. Aone mwana wake tisanakhome bokosi."

"Ndamva."

"Ife kumuuza pafoni sitingathe, ndi BP yake ija. Kumeneko mayi wake ndinu. Mbale wake ndinu."

"Ndamva, achimwene. Amuona."

Anawerenga maola ndi zala. Folo koloko ya ku Balaka ndi teni koloko ya ku Toronto. Nthawi inalipo. Lilian anali asanaweruke kunyumba ya okalamba ku Oakville, foni ili yotsekeredwa mu loka ya kuntchito. Koma linali Loweruka, ndipo Loweruka lililonse akaweruka ankakwera sitima kubwera m'tauni, kunyumba kwa Priscilla, kuti mwamuna wa Priscilla amujambule. Ankafika naini koloko. Ola lathunthu. Lokwanira kumukhazika pansi, kumuuza, kumuleka alire, kenako kumupukuta m'maso kuti aone bwino.

Anaimbira Mayi Mathilda, mkulu wa amayi a kutchalitchi, okhala ku Markham. Uthenga wa maliro sapereka munthu ali yekha. Mayi Mathilda anati akusamba kaye, anyamuka, koma msewu akuukonza.

Atatembenuka anapeza Conrad ataima pakhomo la khitchini. Anali atamva zonse. Maso ake ankawala. Priscilla anakhala naye m'banja zaka makumi awiri ndi zinayi. Kuwala kumeneko ankakudziwa.

Conrad anali wa ku Chipata, wokulira ku Lusaka. Anabwera kudzaphunzira filosofi pa yunivesite yaikulu ya m'tauni. Digiri sanaimalize. Anatolako mfundo imodzi yokha, ya anzeru ena akale a ku Ulaya, n'kuigwira ngati chipembedzo. Mfundo yake inali iyi. Munthu amabadwa mutu uli pepala loyera. Chilichonse cholembedwapo chimalowera m'maso, m'makutu, m'mphuno, pakhungu. Chimene sunachione, sunachimve, sunachikhudze, sukuchidziwa. Ukungobwereza mawu a anthu.

Ena amawerenga zoterezi n'kutseka buku. Conrad anakagula makala ndi utoto. Ankati ojambula akale ankalimbana ndi angelo amene sanawaonepo, mpaka anzeru aja atawaphunzitsa kutsegula maso. Ndipamene anayamba kutuluka panja, kujambula mtambo monga uliri, tsamba monga liliri, nkhalamba ndi makwinya ake onse. Iye anadziika pa mzere umenewo. Sankajambula za m'mutu. Sankatengera pa chithunzi cha kamera. Ankati kamera ndi diso la wina. Mayi ake atamwalira, alongo ake anamupempha chithunzi choika pa chiliza. Anakana.

"Zaka seveni sininawaone. Nizajambula chani? Bodza?"

Alongo akewo sanamuimbirenso foni.

Tsopano panali chionetsero. Kanyumba kena koonetsera zithunzi kanamulonjeza khoma lonse mwezi wa Malichi. Koyamba m'moyo wake, imvi zili mbuu. Mutu wa chionetserocho unali chisoni. Miyezi inayi ankaitana anthu kuti akhale pa mpando, aganize za akufa awo. Mapepala onse ankawang'amba. Ankati munthu akamakumbukira chisoni, nkhope imachita sewero. Iye ankafuna kuona chisoni chikulowa.

"Amake Chiko," anatero mofatsa. Chiko anali mwana wawo, wophunzira kutali. Dzina limeneli ankalitulutsa akafuna chinthu. "Usamuuze pa naini."

"Mwati chiyani?"

"Umuuze pa teni twente. Dzuwa likalowa."

Zenera la chipinda chojambulira silinkaona dzuwa. Koma tsidya la msewu kunali nsanja ya banki, yagalasi lokhalokha. Dzuwa likaiwomba, kuwala kunkabwerera n'kugwera pa mpando wa wojambulidwa. Kunkayamba teni itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Kunkakhala mphindi makumi awiri. Basi.

"Bambo a Chiko, mwana wa munthu wafa."

"Wafa, inde. Ukamuuza pa naini, azauka?"

"Ayenera kuona nkhope. Teni koloko."

"Awe, iwe. Maliro a kwanu anayamba asungapo nthawi? Folo ya ku Balaka ni faifi. Mwini mbumba akambe, abusa akambe, kwaya iimbe mavesi yonse. Anthu mazana awiri pa mzere. Pa teni twente azakhala akali kusakira misomali."

"Musaseke."

"Siniseka. Nanga mwambo wanu ukuti chani? Suuza munthu maliro uli wekha. Ba Mathilda azafika liti kuchoka ku Markham? Ufuna kuphwanya mwambo, iwe mzimayi wa Mvano?"

Apa anamugwira pofewa. Priscilla anali namwino. Anauzapo mabanja ambiri za imfa, m'makonde a chipatala, mu Chingerezi, mawu ake ali oloweza. Koma Lilian anali wina. Lilian ndiye anamusambitsa masabata atatu atachitidwa opaleshoni. Lilian ndiye ankamumeta tsitsi, kumuseka, kumubweretsera nkhani. Sankadziwa kuti angamuyang'ane bwanji m'maso n'kunena dzina la Grace. Mphindi iliyonse yochedwa inali mpumulo.

Panalinso china, chimene sakanaulula ngakhale kwa abusa. Zaka makumi awiri akulawirira kuchipatala, mwamuna akutsala ndi makala. Pa misonkhano ya Amalawi ndi Azambia, amayi ankamufunsa kuti, "Alamu adakajambulabe?" Kenako n'kutsinana. Ankafuna tsiku limodzi lokha khoma lija lidzaze, amayi amenewo adzaime patsogolo pake kukamwa kuli pululu.

"Teni twente," anatero. "Osapitirira. Foni ikalira, ndiyankha."

"Mafoni amakhala mu dengu, monga masiku onse."

"Ndiimva."

"Na ichi," anawonjezera Conrad. "Ukambe uli pakhomo, kuti atembenukire ku dzuwa. Usamugwire. Ukamugwira azabisa nkhope paphewa lako."

Priscilla anathira madzi m'ketulo yomwe inali yodzaza kale.

Lilian anafika naini itangodutsa, jekete lili pamwamba pa yunifomu. Anayamba kulankhula ali pa masitepe.

"Odi kwa akatswiri! Alamu, lero mufulumire, ndingagone pa mpando wanuwo. Gogo wanga wa m'chipinda chakumapeto wandivinitsa shifiti yonse. Akuti ndine mkazi wake woyamba, ndinamubera mano."

"Lowani, amake Grace," anatero Conrad.

Sankamuitana choncho masiku onse. Lilian anayang'ana Priscilla.

"Achemwali, mwatani? Nkhope ngati mwaluma ndimu."

"Mutu."

"Namwino kudwala mutu? Ndiye ife tithawire kuti?"

Lilian anaponya foni yake mu dengu la m'khonde. Batire inali itathera mu sitima. Priscilla anaika yake pamwamba. Conrad anaitola, n'kuzimitsa belu, n'kuibwezera. Priscilla anaona. Anaisiya momwemo.

Lilian anakhala pa mpando. Conrad anakhala moyang'anana naye, mulu wa mapepala uli pa bondo.

"Kambani za Grace, mulamu."

"Iii, mwafunsa zoti sindimaliza. Mwana uja akufuna zaunamwino, akuti akhale ngati azakhali ake a Priscilla. Ndamuuza kuti iwe, magazi umawaopa, nkhuku yomwe umathawa. Akuti adzazolowera. Loya wanena kuti mapepala atuluka Januwale. Januwale, achemwali! Akuti, 'Amayi, ndikadzafika mudzandipititse pa chipale chofewa, ndidzachilawe.' Ndati udzalawa mpaka udzalira."

Makala ankalira pa pepala. Lililonse akamaliza, Conrad ankalemba kanthu pakona, n'kuliika pansi molitembenuza.

"Jekete ndamugulira kale. Lofiira. Saizi ndangoganizira. Mwana wanga ndimamudziwa kuyambira m'khosi kupita m'mwamba. Foni sionetsa zambiri."

Priscilla anaima pakhomo, thireyi ya tiyi ili m'manja. Wotchi inali pakhoma, pamwamba pa mutu wa Lilian. Hafu naini. Kota tu teni. Tiyi anazizira. Palibe anamupempha.

Teni koloko.

M'khonde, dengu linayamba kung'ung'udza. Pang'onopang'ono, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Lilian sanamve, anali pakati pa nkhani ya mnyamata wina amene Grace anamukana. Priscilla anamva. Conrad anamva. Anakweza chala chimodzi, maso osachoka pa pepala.

Dengu linakhala chete. Kenako linayambanso.

Masitepe asanu okha. Kuchoka pakhomo kufika pa dengu, asanu. Priscilla anasuntha phazi. Analibweza. Anadziuza kuti anthu mazana awiri ali pa mzere. Anadziuza kuti Mayi Mathilda ali pafupi. Anadziuza kuti Lameck akungoyesa netiweki.

Dengu linang'ung'udza kachitatu, kachisanu, kachisanu ndi chinayi. Kenako linaleka ndithu.

Pa teni twente, nsanja ya banki inaponya dzuwa lake. Linagwera pa mpando, pa tsaya la Lilian, pa kachingwe ka siliva ka m'khosi.

"Manje," anatero Conrad.

Priscilla anaika thireyi pansi.

"Lilian. Mchemwali wanga. Kwabwera uthenga wochokera kumudzi."

Lilian anatembenukira kukhomo, n'kulowa m'kuwala monga Conrad anafunira.

"Uthenga wanji?"

"Grace wachita ngozi."

"Ali chipatala chiti?"

"Sali kuchipatala."

Kumwetulira kunatsala pa milomo kanthawi, kokha, maso atachokapo kale. Chibwano chinatsika. Dzanja linakwera kufuna kachingwe kaja, n'kukaphonya. Mphuno inatuwa. Sanalire msanga. Anayang'ana Priscilla, akudikira kuti abwere. Priscilla sanabwere. Anayang'ana Conrad.

"Alamu, siyani kaye."

Makala sanasiye. Pepala linagwa, lina linakwera pa bondo.

"Alamu."

Kenako mfuu unatuluka. Sunachokere pakhosi. Unachokera pansi penipeni, pamene mwanayo anagonapo miyezi isanu ndi inayi. Priscilla anathamanga, n'kumugwira, n'kugwa naye pansi.

"Choka, ukutchinga," anatero Conrad.

Sanachoke. Koma mwamunayo anali atapeza kale mphindi zake zisanu ndi ziwiri.

Priscilla anakwawa kukatenga foni. Anaimba. Lameck anayankha, kumbuyo kwake kukumveka mvula ndi makasu.

"Achemwali, munali kuti? Munali kuti?"

"Tili pano. Tili tonse. Muonetseni."

"Takhoma. Mitambo inabwera, adzukulu anati tifulumire, dzenje lingadzaze madzi. Ndinawagwira mphindi khumi ndi zisanu. Ndinagwada pansi, achemwali. Ndikuimba, ndikuimba. Pano tili kumanda."

"Chithunzi. Simunamujambule chithunzi?"

"Chithunzi cha maliro? Akuluakulu anakana. Vidiyo yomweyo analola chifukwa choti ndi mayi wake."

Lilian analanda foni. Pagalasi panali miyendo ya anthu, ambulera imodzi yothyoka, ndi dothi lonyowa likukwera.

"Lameck, fukulani! Ndimuone kaye! Lameck!"

Netiweki inadula.

Mayi Mathilda analowa kota tu leveni, chitenje chili m'manja. Anagwada, n'kuyamba nyimbo. Conrad anatola mapepala ake onse, n'kukhoma chipinda.

Masana a tsiku lomwelo, nyumba itadzaza amayi, Lilian anafunsa ndi mawu osasa.

"Lameck akuti anakuuzani m'mawa."

Bodza linabwera lokha, lophikaphika.

"Ndinasokoneza maola, mchemwali wanga. Ndinkayesa folo ya kumudzi ndi leveni ya kuno. Mawotchi akuno osinthasinthawa. Ndinkadikira Mayi Mathilda, kuti ndisakuuze ndekha."

Lilian anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamusisita dzanja.

"Musadzizunze, achemwali. Munkandisunga. Si inu."

Priscilla akanakonda mbama.

Chisanu chinabwera. Chipale chinagwa, chinada, chinagwanso. Mapepala a Grace anatuluka Januwale, monga loya ananenera. Lilian anawaika m'thumba la jekete lofiira. Ankapitabe kuntchito. Ankabwerabe Loweruka, osati kudzajambulidwa, koma kudzangokhala m'khitchini. Anaonda. Ankatumizabe mauthenga pa nambala ya Grace.

"Ndikanamuona, ndikanakhulupirira," ankatero. "Pano mutu ukukana. Ndimaona ngati wangotaya foni. Dothi ndinaliona, inde. Koma dothi ndi dothi, achemwali. Lili paliponse."

Priscilla anakauza Conrad mawu amenewa, akuyesa kuti amulasa. Conrad anagwedeza mutu mokhutira.

"Waona? Chimene munthu sanaone sachidziwa. Mzimayi wosapita ku yunivesite, koma wakamba mfundo yonse."

"Tinamulanda mwana wake kachiwiri."

"Unaona na maso yako kuchedwa kwathu kukukhoma bokosi? Kunali foni. Kunali mvula. Chinthu chimodzi, kenako china. Zakuti ichi chinachititsa icho, n'za m'mutu mwako."

"Ndinu munthu kodi?"

"Unali pakhomo, amake Chiko. Miyendo unali nayo."



Chipinda chinakhala chokhoma miyezi isanu. Conrad sankaonetsa ntchito isanakwere pakhoma. Priscilla sanapemphe kuona. Ankadziwa chimene chinali m'menemo, kapena ankayesa kuti akudziwa: nkhope ya Lilian ikusweka. Anadziuza kuti Lilian sadzabwera.

Chionetsero chinatsegulidwa Loweruka masana, m'Malichi. Kanyumbako kanali pa msewu wodutsa sitima za m'tauni; zikadutsa, magalasi ankanjenjemera. Kunabwera azungu ovala zakuda, matambula ali m'manja. Kunabwera Azambia a masuti ochokera ku Markham. Kunabwera amayi a kutchalitchi, aja otsinana aja, Mayi Mathilda ali patsogolo. Priscilla anavala diresi yatsopano. Kwa mphindi zochepa anamva chimene anachidikira zaka makumi awiri.

Kenako chitseko chinatseguka, Lilian n'kulowa atavala jekete lofiira la Grace lija. Manja a jeketelo anali aafupi pang'ono.

"Lilian. Sunayenera kuvutika."

"Ndabwera kudzakuimirani, achemwali. Ndi tsiku lanu." Anatsitsa mawu. "Komanso ndati mwina ndikadziona ndikulira, mutu uvomereza. Alamu sindinawakwiyire. Dzanja lawo lija silimva, ndi misala ya luso. Zinangokumana."

Anayendera limodzi kupita pa khoma la zithunzi.

Zithunzi za makala zinali makumi atatu, pa mzere umodzi, kuyambira kukhomo mpaka kumapeto. Pakona pa chilichonse panali nthawi ndi mawu ochepa, m'Chinyanja, ndi dzanja la Conrad. Pansi pake kakhadi ka Chingerezi. Patsogolo pa mzere panali khadi lalikulu.

Priscilla analiwerenga.

"Uthenga unafika 6:40 m'mawa. Ine na mkazi wanga tinadziwa kuti kuona nkhope ni 10:00, nthawi ya kuno. Tinagwirizana kudikira dzuwa, limene limalowa 10:20. Apa pali zimene maso yanga yanaona. Sininawonjezere, sininachotse."

Lilian ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo. Anamaliza. Anabwereza. Kenako anasuntha phazi kupita pa chithunzi choyamba.

"9:12. Sadziwa. Akamba za jekete."

Chachiwiri chinalinso Lilian, akuseka. Chachitatu sichinali Lilian. Chinali Priscilla, pakhomo, thireyi ili m'manja.

"9:31. Uyu adziwa."

Ndipo zinapitirira motero. Lilian, Priscilla. Lilian, Priscilla. Tsiku lija Priscilla sanazindikire kuti maso a mwamuna wake ankakweranso kukhomo.

"10:00. Foni ilira mu dengu. Ayang'ana wotchi."

"10:04. Foni yachiwiri. Asuntha phazi. Alibweza."

"10:13. Foni yaleka. Apuma."

Apuma. Zinali zoona. Pa chithunzipo mapewa anali atatsika, milomo itamasuka. Anapumadi, foni italeka. Sanauzepo munthu, ngakhale mtima wake womwe.

Kumapeto kwa mzere kunali chithunzi chachikulu cha utoto, chotalika ngati chitseko. Sichinali cha mayi wofedwa. Chinali cha Priscilla. Tsitsi lililonse, kathukuta ka pa mlomo, maso opendekera ku wotchi. Nkhope ya munthu wodziwa, amene wasankha kuima.

Priscilla anakoka Conrad pa mkono.

"Mwalemberanji zonsezi?"

"Ni zimene zinachitika. Ufuna niname?"

"Mwandipha."

"Nakuona chabe. Zaka twente-folo, tsiku lija ndiye ninakuona bwino."

Lilian anafika pamapeto pa mzere. Sanakuwe. Anabwerera pomwe panaima awiriwo, n'kuwerama pang'ono, mwaulemu, monga ankachitira masiku onse.

"Alamu, dzanja lanu ndi labwino. Ndaona. Palibe mwanama."

"Zikomo, mulamu."

"Ndiye ndipemphe chimodzi. Ndijambulireni Grace ali m'bokosi. Ndikufotokozerani bwinobwino. Ali ndi kachipsera apa, pa nsidze, anagwa pa khonde ali wamng'ono. Mano apatsogolo ali ndi kampata. Mungomutseka maso. Ndimuone kamodzi, ndikagone."

Priscilla anapemphera mumtima kuti mwamunayo aname kamodzi kokha.

"Sininamuone, mulamu," anatero Conrad. "Sinijambula zimene sininaone."

"Zoona," anatero Lilian. "Inenso sindinamuone."

Anatsegula chikwama. Anatulutsa chitenje, chija Priscilla anamupatsa chaka chake choyamba m'dziko muno. Anachimanga m'chiuno, pamwamba pa jekete lofiira. Anavula nsapato. Anapita pa chithunzi chachikulu, akuyenda pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo, monga amayendera anthu podutsa pa bokosi. Anaima. Anayang'ana nkhope ija kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Kenako anaika manja pamutu.

"Mayo ine! Priscilla, mchemwali wanga ine! Wandisiya ndekha m'dziko la eni! Ndani andiphikire tiyi ine? Ndikauza ndani za mwana wanga ine? Priscilla wapita, amayi inu, wapita!"

Priscilla anathamangira pomwepo.

"Lilian, ndili pano. Ndiyang'ane. Ndimenye ngati ukufuna. Lilian!"

Anamugwira mkono. Mkonowo sunakane, sunavomere. Unali ngati wagwira tebulo.

Mayi Mathilda anali atawerenga khadi lija, magalasi ali pamphuno. Anawavula, n'kuwapinda. Anamanga mpango kumutu. Anayenda, n'kukaima kumbuyo kwa Lilian. Mayi wina anatsatira. Kenako wina. Amayi asanu ndi awiri, pa mzere, aliyense kuima pang'ono, kuyang'ana chithunzi, kupukusa mutu, kudutsa. Mmodzi anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi. Palibe ndi mmodzi yemwe anayang'ana Priscilla wamoyo, amene anaima pambali pawo ndi diresi yake yatsopano.

Lilian anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anavala nsapato. Analankhula kwa Mayi Mathilda, mawu ali bata.

"Mayi, uyu ndamuona ndi maso anga. Za uyu ndakhulupirira. Tiyeni."

Anatuluka. Sitima inadutsa mumsewu, magalasi n'kunjenjemera, jekete lofiira n'kusowa kuseri kwake.

Azungu anayang'anizana. Mmodzi anayamba kuwomba m'manja mofewa, akuyesa kuti zinali pa ndondomeko. Ena anamutsatira. Mzimayi wina anayandikira Priscilla, n'kumunong'oneza kuti sanaonepo chionetsero champhamvu chotere.

Priscilla anaima patsogolo pa nkhope yake. Anamva misozi ikuyamba, yoyamba yeniyeni chichokereni Okutobala.

Kumbuyo kwake kunamveka kaphokoso kamene ankakadziwa kuposa mawu a mwana wake. Makala pa pepala.

"Usasunthe, amake Chiko," anatero Conrad. "Tembenukira ku zenera pang'ono."